Kusankha mfuti yoswera timbale touluka: kusiyana kwake kuli pati?

Amene anaonera masewera a Olimpiki a ku Paris pa kanema m'chaka cha 2024 angakumbukire anthu ataima pamzere, mfuti zazitali zili paphewa, akuwombera timbale tamtundu wa lalanje timene timavumbuluka kuchokera pansi n'kuphulika ngati utsi m'mwamba. Mpikisano umenewo unachitikira ku Châteauroux, ndipo n'kumene Adriana Ruano anapezera dziko la Guatemala mendulo yagolide yoyamba m'mbiri yake ya Olimpiki. Kuno ku Blantyre, kumene ambiri a ife mfuti yotereyi timaiona m'manja mwa alonda ena kapena timaimva m'nkhani za alenje, funso limabwera msanga: kodi mfuti zija zikusiyana pati ndi Greener imene timaidziwa? Nanga munthu amene walawako masewerawa ali paulendo ku Johannesburg, n'kubwerako ndi mtima wofuna yakeyake, ayambire pati posankha?

Funsoli n'lofunika kuliyankha mofatsa, chifukwa mfuti si katundu woti ukagula lero mawa n'kukabweza kusitolo. Ndalama zake n'zambiri, chilolezo chake chimatenga nthawi, ndipo mfuti yosayenera imatha kudanitsa munthu ndi masewera amene akanawakonda moyo wake wonse. Mfuti zonse zimene tikambe pano ndi za gulu la shotgun, limene akuluakulu ena amalitcha chifefe. Mpope wake ndi wosalala m'kati, ndipo m'malo motulutsa chipolopolo chimodzi cholimba, umalavula tinjere tambirimbiri ta mtovu nthawi imodzi.

Kambale ndiko kamalamula

Masewerawa anayamba ndi nkhunda zamoyo. Mbalamezo zinkatsekeredwa m'timabokosi, wina n'kukoka chingwe kuti ziuluke, mnzake n'kuwombera, moti ngakhale pa Olimpiki ya 1900 ku Paris nkhunda zenizeni zinaphedwa pampikisano. M'chaka cha 1880 George Ligowsky wa ku Cincinnati ku America analembetsa luso lake lopanga kambale kadothi kouluka, ndipo pang'onopang'ono kambaleko kanalowa m'malo mwa mbalame, makamaka dziko la Britain litaletsa mipikisano yowombera nkhunda zamoyo mu 1921. Kambale kamasiku ano kawirikawiri kamapangidwa ndi phula losakaniza ndi ufa wa mwala wa laimu. M'mimba mwake ndi mamilimita 110, kamalemera magalamu pafupifupi 105, ndipo ndi kolimba mokwanira kupirira mphamvu ya makina okaponya, koma sikachedwa kusweka tinjere tingapo tikakamenya.

Mipikisano imasiyana chifukwa cha njira imene kambale kamadzera, ndipo njirayo ndi imene imauza munthu mfuti yoti anyamule.

Pa mpikisano wa trap wa ku Olimpiki, makina 15 amabisidwa m'ngalande imene ili mamita 15 kutsogolo kwa owombera. Munthu amaika mfuti paphewa n'kuitana kambale ndi mawu, ndipo kambaleko kamatuluka kakumuthawa, kakukwera, kulowera kumanja, kumanzere kapena pakati, iye osadziwiratu. Kakapanda kuwomberedwa kamakatera pamtunda wa mamita 76. Pamene munthu akukoka kachitsulo kowombera, kambale kamakhala katafika kale mamita 30 kapena kuposa, choncho trap imafuna mfuti yofika patali.

Skeet, imene inalowa mu Olimpiki mu 1968 ku Mexico, ili ndi tinyumba tiwiri toyang'anizana, kena kotulutsira kambale pamwamba, kena pansi. Wowombera amayenda m'malo 8, ndipo timbale timadutsa chopingasa pamaso pake pamtunda wa mamita pafupifupi 20, nthawi zina tiwiri pakamodzi. Pamalamulo a Olimpiki saloledwa kuika mfuti paphewa kambale kasanaoneke. Amaigwira m'chiuno, ndipo kambale kakhoza kuchedwa kutuluka mpaka masekondi 3. Apa pamafunika mfuti yonyamuka msanga ndi yomwaza tinjere mwamsanga. Mu Africa muno muli akatswiri a mpikisanowu: Azmy Mehelba wa ku Egypt anakhala katswiri wa dziko lonse mu 2022 ku Osijek.

Wachitatu ndi sporting, umene suli mu Olimpiki koma anthu ambiri osewera mongosangalala amaukonda. Makina amamwazidwa m'thengo kapena m'munda waukulu kuti timbale titsanzire nyama: kena kamabwera pamwamba pa mitengo kulunjika kwa wowombera, kena kamatsika, kena kamagubuduzika pansi modumphadumpha ngati kalulu. Mtunda umasinthasintha, kukula kwa timbale kumasinthanso, kufika pa kakang'ono ka mamilimita 60. Mfuti ya mpikisanowu imayenera kuchita pang'ono pa chilichonse.

Zimene zimachitika mfuti ikalira

Chipolopolo cha pa Olimpiki chimakhala ndi magalamu 24 a mtovu, amene ndi tinjere pafupifupi 300 ta mamilimita 2.4. Timatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 400 pa sekondi, koma timafooka msanga chifukwa n'topepuka, moti kuti tifike pamtunda wa mamita 30 pamadutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Nthawiyo imaoneka yochepa, koma kambale kodutsa chopingasa pa liwiro la mamita 20 pa sekondi kamakhala katasuntha mamita awiri. Wolunjikitsa pa kambale penipeni amaphonya kumbuyo nthawi zonse.

N'chifukwa chake mfuti imeneyi salunjika nayo modekha monga achitira asilikali ndi mfuti yachipolopolo chimodzi. Maso onse awiri amakhala pa kambale, thupi limazungulira kuchokera m'chiuno, mpope umatsogola, ndipo mfuti imalira ikadali paulendo. Zonse zimene zikubwera pansipa, kaya ndi kulemera, utali wa mpope kapena kapangidwe ka mtengo wa paphewa, zimayesedwa ndi funso limodzi: kodi zikuthandiza mfuti kuyenda bwino ndi kuloza kumene diso likuyang'ana?

Ya mipope iwiri yosanjikizana

Mukayang'ana manja a akatswiri pa Olimpiki, pafupifupi onse agwira mfuti ya mipope iwiri, wina pamwamba wina pansi, imene pa Chingerezi amati over-and-under. Imatseguka pothyoka pakati, munthu n'kulowetsa zipolopolo ziwiri ndi dzanja. Imene inathandiza kufalitsa mtunduwu ndi Superposed, mfuti yomaliza imene John Moses Browning anaikonza asanamwalire mu 1926, ndipo inayamba kugulitsidwa mu 1931. Kampani ya Perazzi ya ku Italy inapanga MX8 pokonzekera Olimpiki ya 1968, ndipo Beretta, Krieghoff ndi Miroku ndi mayina ena amene munthu amakumana nawo pabwalo lililonse.

Zifukwa zimene mfutiyi imakondedwera n'zomveka. Diso limaona mpope umodzi wokha wopyapyala, choncho silisokonezeka. Mipope iwiri imalola kuti wina umwaze tinjere kwambiri pa kambale kapafupi, wina utiwunjike pa kambale kamene kapita patali, ndipo mfuti zambiri zili ndi kabatani kosankhira mpope woyamba kulira. Ambiri amayamba ndi wapansi, popeza mphamvu yake imakankha molunjika paphewa ndipo mfuti sidumpha kwambiri chipolopolo chachiwiri chisanatuluke. Ilibe zitsulo zambiri zoyenda, choncho sikakamira kawirikawiri, ndipo imalandira chipolopolo chopepuka ndi cholemera chimodzimodzi.

Koma chimene ine ndimachiona chachikulu kuposa zonsezi ndi chitetezo chooneka ndi maso. Mfutiyi ikathyoledwa n'kupachikidwa pamkono, munthu aliyense amene ali pabwalo, ngakhale ali patali, amaona yekha kuti singalire. Pamalo pamene pali anthu ambiri, ena a iwo ophunzira kumene, mtendere wamumtima umenewu ndi wamtengo wapatali.

Zovuta zake ziliponso. Kulumikiza mipope iwiri kuti yonse iziwombera pamalo amodzi ndi ntchito yaluso, ndipo luso limakwera mtengo. Zotchipa kwambiri zimatha kukhala ndi mipope yosagwirizana, kapena kuyamba kugwedera pothyokera pake zikawombera zipolopolo masauzande angapo. Komanso mphamvu yonse ya kubwerera m'mbuyo kwa mfuti imathera paphewa, popeza mulibe china choyamwa mphamvuyo kupatula kulemera kwa mfutiyo ndi kalabala ka kumapeto kwa mtengo.

Yodzilowetsera yokha chipolopolo

Mtundu wachiwiri ndi semi-automatic, ya mpope umodzi, imene ikalira imataya yokha chikhungwa cha chipolopolo n'kulowetsa china. Zina zimagwiritsa ntchito mpweya wa onga umene umapatutsidwa kudzera m'timabowo ta mumpope n'kukankha chitsulo chotsegulira, monga Remington 1100 imene inatuluka mu 1963. Zina, monga za Benelli, zimadalira kugwedezeka kwa mfuti yeniyeniyo ndi sipuling'i yolimba.

Ubwino wake waukulu, makamaka yampweya ija, ndi wakuti imamenya phewa mofewa, chifukwa mphamvu imafika pang'onopang'ono m'malo mofika yonse kamodzi. Kwa munthu wathupi laling'ono, wachikulire, kapena amene phewa limamuvuta, zimenezi zikhoza kusiyanitsa kuwombera timbale 100 mosangalala ndi kuleka pa 25. Kawirikawiri mtengo wake umakhala wotsikirapo poyerekeza ndi ya mipope iwiri yolimba mofanana nayo, ndipo zambiri zimabwera ndi tizidutswa toika pakati pa mtengo wa paphewa ndi chitsulo kuti mwiniwake asinthe kapendekedwe kake.

Mtengo wa ubwino umenewu umalipiridwa potsuka. Mpweya wa onga umasiya mwaye m'zitsulo, ndipo mfuti yosatsukidwa imayamba kukakamira. Zina zimakana kuzungulira bwino ndi zipolopolo zopepuka za magalamu 24 kapena 21. Zikhungwa zimaulukira kumanja, kumene pa trap kwaima munthu wina, ndipo pomaliza mwiniwake amayenera kuwerama n'kuzitola. Popeza sithyoka pakati, amaika kansalu kapena kapulasitiki kowala potsegukira pake kuti anzake aone kuti ilibe kanthu. Malamulo a bungwe la ISSF, limene limayendetsa mipikisano ya Olimpiki, amailola.

Zina zitatu

Yopopa, monga Remington 870 ya 1950 kapena Mossberg 500, ndi yolimba ndiponso yotsika mtengo, koma kuti chipolopolo chachiwiri chilowe dzanja lakutsogolo liyenera kukoka ndi kukankha, ndipo mpope umachoka panjira ya kambale. Wophunzira pa kambale kamodzikamodzi imamukwanira. Pamipikisano ya ISSF siloledwa.

Ya mipope iwiri yogona m'mbali ndi mfuti ya alenje akale, yopepuka, yokoma kuyenda nayo m'tchire tsiku lonse. Pabwalo kupepukako kumasanduka vuto, mipope imatentha mpaka kuwotcha zala chifukwa mtengo wakutsogolo ndi wochepa, ndipo diso limaona chitsulo chotambalala. Alipo amene amaikonda ndipo amaswa nayo timbale bwino ndithu, koma ndi ochepa amene amailangiza kwa woyamba kumene.

Greener ija, yopangidwa ku Birmingham, ndi ya mpope umodzi ndi chipolopolo chimodzi, choncho timbale tikatuluka tiwiri kachiwiri kamapita kosawomberedwa. Zina mwa izo zinapangidwira apolisi a m'nthawi ya atsamunda ndipo zimafuna zipolopolo zakezake. Mfuti zazifupi za alonda, za mpope wa masentimita 46 mpaka 51, nazonso zinapangidwira ntchito ina.

Geji: nambala yaing'ono, mpope waukulu

Kukula kwa bowo la mpope kumatchulidwa ndi geji, ndipo kawerengedwe kake kamasokoneza ambiri. Nambalayo imanena kuchuluka kwa mipira ya mtovu yokwana bwino m'bowolo imene ingapange paundi imodzi, kapena kuti magalamu 454. Geji 12 ili ndi bowo la mamilimita pafupifupi 18.5, geji 20 ili ndi 15.6, ndipo kamfuti kotchedwa .410 kali ndi 10.4 okha.

Geji 12 ndiyo ya masewerawa. Malamulo a ISSF salola yoposa pamenepa, zipolopolo zake ndi zimene zimapezeka kwambiri padziko lonse, ndipo zilipo zamitundumitundu. Pali maganizo ofala akuti mayi kapena wachinyamata ayambe ndi geji 20 chifukwa ndi yofewa. Nthawi zina n'zoona, makamaka ngati mikono ikulephera kunyamula mfuti yolemera, koma kumenya kwa mfuti kumadalira kulemera kwa mtovu, liwiro lake ndi kulemera kwa mfutiyo. Geji 20 yopepuka yokhala ndi magalamu 28 imapweteka phewa kuposa geji 12 yolemera yokhala ndi magalamu 21. Nako ka .410, kamene makolo ena amagulira ana poganiza kuti n'kosavuta, kali ndi tinjere tochepa kwambiri moti ngakhale katswiri amavutika nako, ndipo mwana wophonya tsiku lonse sabweranso.

Pali ngozi imodzi yoyenera kuidziwa m'nyumba mmene muli mageji awiriwa. Chipolopolo cha geji 20 chikalowetsedwa molakwitsa mu mfuti ya geji 12 chimatsetsereka n'kukakamira m'kati mwa mpope, osaoneka. Munthu akaikanso cha geji 12 pambuyo pake n'kuwomba, mpope umaphulika pafupi ndi dzanja. Zipolopolo ziwirizi zisakumane m'thumba limodzi.

Choki

Kumapeto kwa mpope bowo limachepetsedwa pang'ono, ndipo kuchepako kumatchedwa choki. Mnyamata wotsuka magalimoto m'mbali mwa msewu akafuna kuti madzi afike padenga la minibasi amapana kukamwa kwa paipi ndi chala chachikulu, ndipo madzi amatuluka mowonda n'kufika patali. Choki imachita zofanana ndi zimenezi, kungoti siwonjezera kwenikweni liwiro la tinjere, imangotichedwetsa kumwazika. Kuchepako n'kwakung'ono zedi, milimita imodzi yokha pa choki yothina kwambiri, koma zotsatira zake n'zazikulu.

Amayeza powombera pepala kapena chitsulo chachikulu pamtunda wa mamita pafupifupi 37, n'kuwerenga tinjere timene tagwera m'bwalo la masentimita 76. Mpope wopanda choki, wotchedwa cylinder, umaika maperesenti pafupifupi 40 m'bwalomo. Wapakati, wotchedwa half kapena modified, umaika 60, ndipo full imaika 70. Wa skeet amafuna yotseguka chifukwa kambale kali pafupi, pamene wa trap amafuna yothina, makamaka pa mpope wachiwiri. Mfuti zambiri zamakono zili ndi machoki omasula ndi sipanala yake, ndipo kwa munthu amene agule mfuti imodzi yokha, imeneyi ndi mbali yosayenera kuinyalanyaza. Komabe ophunzira ambiri amataya nthawi kusinthasintha machoki pamene vuto lili pa mapazi ndi maso. Quarter (choki ya pakati pa cylinder ndi half) pa mpope wapansi ndi half pa wapamwamba zimaswa timbale tambiri ta sporting.

Utali, kulemera ndi kumene mfuti imaloza

Mipope ya masewerawa imakhala ya mainchesi 28, 30 kapena 32, kutanthauza masentimita 71, 76 kapena 81. Mpope wautali suwonjezera mphamvu kwenikweni, chifukwa onga wamakono umapsa msanga. Chimene umachita n'chakuti ukayamba kuyenda suima mwadzidzidzi, ndipo kuimitsa mfuti pa nthawi yowomba ndi kumene kumaphonyetsa anthu ambiri. Waufupi umanyamuka msanga koma umafuna dzanja lodziletsa. Mfuti ya pabwalo imalemera makilogalamu 3.5 mpaka 4, pamene ya mlenje imakhala pafupi ndi 3, ndipo kulemerako n'kwadala: kumayamwa kumenya ndiponso kumakhazika mfuti panjira.

Mfuti yopangidwira trap ili ndi mtengo wa paphewa wokwera pamene pamagona tsaya, kuti tinjere tambiri, mwina 60 kapena 70 mwa 100, tizipita pamwamba pa pamene munthu waloza. Zimathandiza pa kambale kokwera, popeza wowombera amakaona bwino pamwamba pa mpope m'malo mokaphimba. Mfuti yomweyo pa kambale kotsika kapena kogubuduzika pansi imadutsitsa pamwamba. Ya sporting imagawa pafupifupi theka pamwamba theka pansi, ndipo munthu akhoza kusewera nayo trap ndi skeet momwe, ngakhale kuti sangafike nayo pamene amafika katswiri wa mfuti yapadera.

Mfuti iyenera kukwana thupi la mwiniwake

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene ogula ambiri amadutsa mothamanga chifukwa maso ali pa dzina la kampani ndi maluwa ozokotedwa pachitsulo. Shotgun ilibe choyang'anira chakumbuyo. Diso la wowombera ndilo limagwira ntchito imeneyo, ndipo malo a disolo amakhazikitsidwa ndi mtengo umene tsaya lagonapo. Kuchokera padiso kufika kumapeto kwa mpope pali masentimita pafupifupi 90. Diso likangopatuka mamilimita 5 okha, pamtunda wa mamita 36 pakati pa tinjere pamasuntha masentimita 20, amene ndi oposa theka la mtunda wochokera pakati pa bwalo lija kufika m'mphepete mwake. Munthu wotero amachita zonse molondola koma n'kumaphonya, osadziwa chifukwa chake.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Mutatsimikiza kuti m'mipope mulibe kanthu, imani patsogolo pa galasi, tsinzinani, kwezani mfuti mpaka mtengo ukhudze tsaya ndi phewa popanda kutsitsa mutu, kenako tsegulani maso. Pagalasipo diso lanu liyenera kuoneka litakhala pakati penipeni, pamwamba pa kanjira kachitsulo kamene kayala pampope. Ngati disolo labisika kuseri kwa chitsulo, mtengo watsika kwambiri. Ngati mukuona kanjira konse katatambalala ngati mukuyang'ana kuchokera pamwamba, mtengo wakwera. Pakati pa mphuno ndi chala chachikulu cha dzanja logwira mtengo pazitsala mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Mpata ukasowa, chalacho chidzamenya mphuno mfuti ikalira.

Mfuti zambiri za m'sitolo zimapangidwira mwamuna wamsinkhu wapakati wogwiritsa ntchito dzanja lamanja, ndipo kuchokera pa kachitsulo kowombera kufika kumapeto kwa mtengo pamakhala masentimita 36 kapena 37. Mtengowo umapindikiranso pang'ono kumanja kuti nkhope ikhale bwino, choncho wamanzere akaigwira imamukankhira diso kumbali. Amayi ambiri amafuna mtengo waufupi koma wokwererapo patsaya, ndipo makampani ena tsopano amapanga mfuti zotero. Mtengo wokhala ndi potsamira tsaya posunthika, pomanga ndi timabawuti, umathetsa ambiri mwa mavutowa popanda kufuna mmisiri, ndipo kwa ife amene tili kutali ndi amisiri odziwa kupinda mitengo ya mfuti, ndalama yowonjezerayo ndi yoyenera kuilipira.

Musanagule dziwaninso diso lanu lolamula. Lozani ndi chala mtengo wamagetsi umene uli patali maso onse ali otsegula, kenako tsekani lamanzere. Chala chikakhalabe pamtengopo, lolamula ndi lamanja. Chikadumphira kumbali, lolamula ndi lamanzere. Munthu wadzanja lamanja koma wadiso lamanzere amaphonyera mbali imodzi nthawi zonse, ndipo ngati akuyamba kumene, aphunzitsi ambiri amalangiza kuti aphunzire kuwombera paphewa la kumene kuli diso lolamulalo. Chisankho chimenechi chimasintha mfuti yoti agule.

Tikaphatikiza zonsezi, kwa munthu amene sanasankhe mpikisano umodzi, alangizi ambiri amatchula mfuti ya mipope yosanjikizana, geji 12, mainchesi 30, yamtundu wa sporting, ya machoki omasula. Amene phewa limamuvuta kapena thumba lachepa ali ndi chifukwa chomveka chotengera yodzilowetsera yampweya, ndipo sadzaswa timbale tochepa chifukwa cha zimenezo. Pakati pa mfuti yodula yosakwana thupi ndi yotsika mtengo yokwana bwino, yachiwiriyo ndi imene ndingatenge. Mabwalo ambiri kunja amabwereketsa mfuti kwa alendo moyang'aniridwa ndi mphunzitsi, ndipo kuyesa mitundu iwiri kapena itatu musanatulutse ndalama kumaphunzitsa zambiri kuposa kuwerenga.

Zoganizira munthu wokhala ku Blantyre

Choyamba ndi lamulo. Firearms Act ya 1967 imafuna kuti aliyense wogula kapena kusunga mfuti ndi zipolopolo akhale ndi chilolezo, ndipo nkhaniyi ili m'manja mwa apolisi kudzera mu ofesi ya Registrar of Firearms. Kulowetsa mfuti m'dziko kuchokera kunja kumafunanso chilolezo, ndipo mfuti yosiyidwa ndi malemu bambo kapena agogo siikhala yanu mwalamulo chifukwa chakuti ili m'nyumba mwanu. Pitani kupolisi musanapite kwa wogulitsa. Pakhomo mfuti imakhala m'kabati yachitsulo yokiya, zipolopolo pena, makiyi kutali ndi ana.

Chachiwiri ndi malo. Tinjere ta masewerawa timatha kugwa mamita oposa 200 kuchokera pamene mfuti yalirira, ndipo mabwalo a ku Britain amasiya mamita 275 opanda munthu kutsogolo kwa wowombera. Mumzinda umene nyumba zakwera mpaka m'mapiri a Ndirande, Soche ndi Bangwe, malo otere sapezeka kuseri kwa nyumba, ngakhale mpanda utakhala waukulu bwanji. Mtovu wogwa pansi umakhalitsa m'nthaka, choncho kutsogolo kwa bwalo kusakhale dimba, chitsime kapena mtsinje. Kulira kwa mfuti kumaposa madesibelo 140, mlingo umene umawononga makutu ngakhale kamodzi kokha, ndipo zidutswa za kambale zimagwa ngati magalasi. Zotseka m'makutu ndi magalasi oteteza maso zigulidwe tsiku limodzi ndi mfuti.

Chachitatu ndi ndalama za tsiku ndi tsiku, zimene ambiri saziwerengera. Munthu wowombera timbale 100 pa mlungu amatha zipolopolo zosachepera 5,200 pachaka, amene ndi mabokosi 208 a zipolopolo 25. Zipolopolo, timbale ndi zipangizo zosinthira zimachokera kunja, ndipo tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira. M'zaka zochepa zipolopolo zimadya ndalama zoposa mtengo wa mfuti yapakatikati. Ichi ndi chifukwa china chokhalira pa geji 12 ndi pa kampani yodziwika, imene sipuling'i kapena kamsomali kake komenya chipolopolo kangapezeke ku South Africa popanda kudikira miyezi. Chinyezi nachonso n'chofunika kuchisamala: m'dzinja ndi m'masiku a chiperoni, mfuti yosiyidwa m'chikwama chake chansalu imachita dzimbiri mofulumira, choncho ikabwera kubwalo ipukutidwe, ipakidwe mafuta pang'ono, ndipo machoki amasulidwe nthawi ndi nthawi kuti asamatirire.

Ambiri adzayamba ndi mfuti yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo palibe cholakwika, bola iyang'anidwe bwino. Penyani m'mipope moyang'anitsa kuwala kuti muone ngati muli timaenje ta dzimbiri, ndipo yendetsani zala kunja kwake kufufuza potuphuka kapena pophwanyika. Chotsani mtengo wakutsogolo, gwirani mfuti ili yotseka n'kuigwedeza. Ikamveka kugwedera pothyokera, yatha ndipo kukonza kwake n'kodula. Kachitsulo kotsegulira ka pamwamba kakamapendekera kumanja mfuti ili yotseka ndiye kuti loko ikadali ndi moyo, koma kakadutsa pakati kupita kumanzere ndiye kuti yadyeka. Fufuzani ming'alu pamene mtengo wakumana ndi chitsulo, ndipo nambala ya pamfuti ifanane ndi ya pamapepala. Pomaliza werengani zolembedwa pansi pa mipope, pamene pamasonyezedwa utali wa chipinda cholowa chipolopolo. Mfuti zambiri zakale za ku Britain zili ndi chipinda cha mamilimita 65, pamene zipolopolo zambiri za masewerawa masiku ano ndi za mamilimita 70. Chipolopolo chachitalicho chimalowa bwinobwino chisanalire, koma polira chikhungwa chimasowa malo otambasukira ndipo mphamvu ya m'kati imakwera kuposa imene mfutiyo inayesedwera, choncho mfuti yotero imafuna zipolopolo zazifupi zopangidwira chipinda cha mamilimita 65.